Zionetsero za dziko lonse: chimene chimagwedeza wolamulira wankhanza, ndi zimene a kum'mawa ayenera kudziwa

Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita opitirira 550, ndipo msewu wake ndi umodzi, Great East Road, wodutsa pa mlatho wa pa Luangwa. Boma likafuna kuti anthu a chigawo cha kum'mawa kwa Zambia asafike ku likulu tsiku la zionetsero, silisowa asilikali ambiri. Apolisi ochepa pa mlathowo, kusecha basi iliyonse mosafulumira, dzuwa lapendeka, zatha. N'chifukwa chake kwa munthu wa ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, mawu akuti "zionetsero za dziko lonse" satanthauza kukwera basi. Amatanthauza kuti tsiku limodzi, ola limodzi, anthu atuluke ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi monga atulukira a ku Kitwe ndi ku Livingstone, onse ndi dandaulo limodzi. Apolisi a dziko lonse angathe kuunjikana mu mzinda umodzi. Sangathe kuunjikana m'matauni makumi atatu nthawi imodzi.

Koma kuchuluka kwa malo ndi mbali chabe ya nkhaniyi. Wolamulira wankhanza samanga munthu ndi manja ake, satolera msonkho yekha, sawerenga yekha nkhani pa wailesi. Amadalira wapolisi, majisitileti, kalaliki wa m'boma, wamalonda wopereka ndalama ku chipani, mfumu yomulandirira anthu ake, m'busa womupempherera pa msonkhano. Zionetsero zimalankhula ndi anthu amenewa kuposa mmene zimalankhulira ndi wolamulirayo. Wapolisi wa ku Chipata si mlendo: mkazi wake amagulitsa tomato ku Saturday Market, mwana wake ali m'kalasi limodzi ndi ana a oguba. Akaona kuti kutsogolo kwa gulu kuli anyamata okhaokha atanyamula miyala, kuponya utsi wokhetsa misozi sikumuvuta. Akaona amayi a Chigwirizano atavala yunifomu yawo, asisitere, aphunzitsi opuma pantchito, ndi bambo amene anamulipirira sukulu, dzanja limalemera. Kulemera kwa dzanja kumeneko, kukachitika kwa apolisi, oweruza ndi nduna ambiri nthawi imodzi, ndiko kumasintha zinthu.

Ofufuza awiri a ku America, Erica Chenoweth ndi Maria Stephan, anaunika magulu 323 olimbana ndi maulamuliro pakati pa 1900 ndi 2006. Anapeza kuti magulu osagwiritsa ntchito zida anapambana pafupifupi 53 mwa 100 alionse, pamene a zida anapambana 26 okha. Chifukwa chachikulu n'chakuti gulu lamtendere limalowedwa ndi aliyense, agogo, wolumala, mayi wa mwana kumbuyo, pamene gulu lachiwawa limatsala ndi anyamata amphamvu okha. Chenoweth anaonanso kuti magulu amene anatulutsa anthu okwana 3.5 mwa 100 a dziko lonse sankalephera kawirikawiri. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 19.6 miliyoni m'Zambia, ndiye gawo limenelo ndi anthu oyandikira 690,000. Nambalayi si mankhwala, ndipo pali maiko amene anthu anatuluka ochuluka koma wolamulira osasuntha. Phindu lake n'kutikumbutsa kukula kwa ntchitoyo: anthu otere sangachokere ku Lusaka ndi ku migodi kokha.

Zimene zinachitika kwathu kuno

Zambia inakhala dziko la chipani chimodzi kuyambira Disembala 1972. Chimene chinayamba kung'amba ulamulirowo chinali unga. Mu Disembala 1986 mtengo wake utakwezedwa, ku Copperbelt kunabuka zipolowe, anthu anafa, boma linabweza mtengo, chipani chokhacho cha UNIP chinapitiriza kulamulira. Mu Juni 1990 mtengo unakweranso kuwirikiza, ophunzira a pa yunivesite ya UNZA anatuluka, Lusaka inagwedezeka masiku angapo, ndipo anthu opitirira 20 anaphedwa. Pa 30 Juni, msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma. Sizinatenge maola ambiri, koma chisangalalo cha anthu m'misewu chinaonetsa mmene mitima inalili. Kusiyana kwa 1986 ndi 1990 kuli apa: ulendo wachiwiriwu mkwiyo unapeza oulandira. Mu Julayi anthu anakumana ku Garden House Hotel mu Lusaka n'kuyambitsa MMD, gulu lofuna zipani zambiri limene pambuyo pake linakhala chipani. Mabungwe a antchito pansi pa bungwe lawo lalikulu la ZCTU, maloya, amalonda, ophunzira ndi mipingo anagwirizana pa pempho limodzi lomveka kwa aliyense, loti zipani zambiri zibwerere. Mu Disembala 1990 pulezidenti Kenneth Kaunda anasaina kuchotsa ndime yoletsa zipani zina, ndipo pa chisankho cha pa 31 Okutobala 1991 MMD inapeza mipando 125 mwa 150.

Pano pali mfundo imene a kum'mawa tiyenera kuiyang'ana mosabisa. Mwa mipando 25 imene UNIP inatsala nayo, 19 inali ya chigawo chino, ndiye kuti mipando yonse ya kuno. Kumeneko kunali kusankha kwa anthu ndipo unali ufulu wawo. Koma zimationetsa kuti wolamulira aliyense amakhala ndi chigawo chimene amachiyesa linga lake, ndipo amachigwiritsa ntchito ponena kuti otsutsa ndi a mtundu wina. Lero linga likhoza kukhala chigawo china, mawa chino. Mawu aja akuti "wako ni wako" amamveka okoma pa kampeni, koma pa nkhani ya nkhanza za boma amapha gulu lisanabadwe. Anthu 500 oguba m'chigawo chimene wolamulira amachidalira amaopsa kuposa 5,000 oguba kwa otsutsa, chifukwa amachotsa bodza lakuti nkhaniyo ndi ya mtundu.

Chitsanzo choyera kwambiri ndi cha 2001, pamene pulezidenti Frederick Chiluba ankafuna kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu. Bungwe la maloya la LAZ, mabungwe atatu akuluakulu a mipingo ndi NGOCC ya amayi anapanga Oasis Forum. Sanadalire kuguba kokha. Anthu ankavala kansalu kobiriwira pa chifuwa, ndipo Lachisanu madzulo a galimoto ankaliza mahutala, ena malikhweru. Munthu woopa kumangidwa akanatha kutenga nawo mbali ali pa ntchito yake. Chipani cholamula chinang'ambika mkati, wachiwiri kwa pulezidenti Christon Tembo ndi nduna zingapo anakana, ndipo mu Meyi chaka chomwecho Chiluba analengeza kuti saimanso. Pempho linali limodzi, ndipo tsiku lopambana linali lodziwika: akanena kuti saima, nkhani yatha.

Tsidya la malire a Mwami, ku Malawi, kuli maphunziro awiri osiyana. Pa 20 Julayi 2011 anthu anatuluka m'mizinda yonse kutsutsa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ali ndi madandaulo ambirimbiri, a mafuta, a ndalama zakunja, a malamulo oipa. Khoti linapereka chiletso usiku, m'mawa kunali chisokonezo, masitolo anathyoledwa, ndipo anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ambiri ndi zipolopolo za apolisi. Boma silinasinthe kwenikweni. Mu 2019, chisankho cha pa 21 Meyi chitadzaza ndi mapepala ofufutidwa ndi Tippex, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linatsogolera zionetsero miyezi yambiri. Nazonso sizinali zoyera, katundu anawonongeka ndipo ku Msundwe amayi anagwiriridwa ndi apolisi. Koma ulendo uno msewu unkayenda limodzi ndi khoti, asilikali a dziko nthawi zambiri ankateteza oguba, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankhocho. Anthu anavotanso pa 23 Juni. Msewu pawokha sukanafafaniza chisankho, koma unaonetsa oweruza kuti dziko likuyang'ana.

Lamulo: chidziwitso, osati chilolezo

Malamulo aakulu a dziko, ndime 20 ndi 21, amateteza ufulu wolankhula ndi wosonkhana. Lamulo limene lakhala likuyendetsa misonkhano ndi Public Order Act, lolembedwa ndi atsamunda mu 1955. Kale linkafuna kuti munthu atenge chilolezo ku polisi, koma pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake asanu ndi awiri, wa mu 1995, Supreme Court inati kufuna chilolezo kukutsutsana ndi malamulo aakulu. Litasinthidwa mu 1996, chofunika chinakhala kudziwitsa apolisi masiku osachepera 7 tsikulo lisanafike. Anthu ambiri, ngakhale apolisi ena, mpaka lero amati "pemiti", ndipo mawu amenewa amaononga, chifukwa wopempha chilolezo amavomera kale kuti angakanidwe. Nkhani yoika lamulo latsopano la misonkhano m'malo mwa lakaleli yakambidwa zaka zambiri, choncho wokonza aliyense akhale pansi ndi loya n'kuwerenga lamulo logwira ntchito pa nthawiyo asanalembe kalata.

Kalatayo ipite kwa mkulu wa polisi wa boma lanu, ndipo inene tsiku, nthawi yoyambira ndi yothera, poyambira, misewu yodutsa, pothera, ndi chiwerengero cha oyang'anira gulu. Lembani makope atatu. Limodzi lidindidwe chidindo cha polisi chokhala ndi deti, libwerere m'manja mwanu, lijambulidwe pa foni, ndipo tsikulo likhale m'thumba la mtsogoleri. Kalata yopanda chidindo ndi kalata imene "sinafike". Powerenga masiku 7 musaphatikize tsiku lopereka ndi tsiku loguba, ndipo ndi bwino kupereka masiku 10 kapena 14 kuti mukhale ndi nthawi yodandaula. Apolisi akati alibe anthu okwanira, lamulo limafuna kuti anene nthawi isanathe ndi kutchula tsiku lina. Pemphani yankho lolembedwa. Ndi pepala limenelo mungadandaule kwa nduna yoona zam'dziko, kenako ku High Court. Yankho la pakamwa lakuti "zachitetezo sizili bwino" simungapite nalo kulikonse.

Nkhanza zambiri zimabisala pomwepa, pokana mwakachetechete otsutsa n'kulola a chipani cholamula, ndipo izi zachitika pansi pa maboma osiyanasiyana. Koma makhoti amamasula anthu. Omwe anamangidwa mu Seputembala 2017 pa Nyumba ya Malamulo, potsutsa kugula galimoto 42 zozimitsira moto pa madola 42 miliyoni, kuphatikizapo womenyera ufulu Laura Miti, anapezeka osalakwa mu Disembala 2018. Zindikiraninso kuti Penal Code imati anthu atatu okha angatchedwe msonkhano wosaloledwa ngati khalidwe lawo likuchititsa anthu oyandikana nawo kuopa kuti mtendere usokonekera. Ndiye gulu lingayambe movomerezeka n'kusanduka mlandu pakati pa ulendo, chifukwa cha zochita za anthu ochepa.

Kukonzekera kwa tsikulo

Yambani ndi pempho. Likhale limodzi, lalifupi loti mayi wogulitsa makala anganene osawerenga, ndipo likhale loti munthu wina wodziwika angathe kulichita: lamulo lakuti lichotsedwe, omangidwa akuti amasulidwe, chisankho chichitike pa tsiku lake. "Zinthu zisinthe" si pempho. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo gulu la madandaulo makumi awiri limapatsa boma mwayi woyankha laling'ono kwambiri n'kunena kuti lamva.

Nyengo nayo imasankha anthu. Kuno ambiri ndi alimi, ngakhale okhala m'tauni ali ndi munda. Mvula yoyamba ikagwa, mu Novembala ndi Disembala, palibe amene adzasiye kubzala. Nthawi yolandira feteleza wotsika mtengo wa boma wa FISP anthu amaopa kufufutidwa m'kaundula, ndipo mantha amenewo si opusa. Mu Okutobala dzuwa limagwetsa okalamba, choncho yambani 8 koloko kuti pofika 11 mukhale mutatha. Pewani masabata a Nc'wala ndi Kulamba, chifukwa kuoneka ngati mukulimbana ndi mwambo kumakutayitsani mafumu, pamene mfumu imene yangosankha kukhala chete yakuthandizani kale. Njira ikhale yaifupi, makilomita awiri kapena atatu, ya misewu yotakata yokhala ndi potulukira mbali zonse. Isadutse pa chipata cha chipatala chachikulu, pa malo omwetsera mafuta, kapena pakati pa masitolo a ku Down Shops. Sitolo imodzi ikathyoledwa, nkhani ya madzulo siikhalanso ya ulamuliro wankhanza koma ya akuba, ndipo poti eni masitolo ambiri kumeneko ndi nzika za dziko lino zochokera ku mabanja a chimwenye, zingasanduke chidani cha mtundu chimene chilonda chake sichipola msanga.

Oyang'anira gulu ndiwo msana wa tsikulo. Mmodzi pa anthu 25 kapena 30 ndi muyeso wabwino. Avale chowazindikiritsa, ayende m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo akhale anthu okhwima maganizo, amayi ndi abambo omwe. Aphunzitsidwe kusanafike tsiku, osati m'mawa mwake. Pakhale munthu mmodzi yekha wolankhula ndi mkulu wa apolisi, wina wolemba maina a omangidwa ndi kumene awatengera, ndi anamwino awiri kapena atatu okhala ndi madzi ndi mabandeji. Anyamata a njinga ndi njinga zamoto, amene m'Chipata ali pa ngodya iliyonse, angathandize kuthamangitsa uthenga ndi kunyamula wokomoka.

Woguba aliyense adye asanachoke, avale nsapato zotseka zothamangira, anyamule madzi lita imodzi kapena ziwiri, chitenje, chitupa cha NRC, ndi mankhwala ake ngati amamwa tsiku lililonse, makamaka a shuga, a BP, a mphumu ndi ma ARV, okwanira masiku atatu. Nambala ya loya kapena ya wachibale ilembedwe ndi bolopeni pa mkono, chifukwa foni imalandidwa. Asanyamule mpeni, legeni, ndodo kapena botolo la galasi. Asamwe mowa. Ana atsale kunyumba. Ayende awiriawiri, ndipo wina wotsala pakhomo adziwe ola loyembekezera kubwera.

Musadalire intaneti. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku lovota, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa mpaka bungwe la Chapter One Foundation litapita ku khoti. Malo okumanirana, ola, ndi chochita ngati atsogoleri amangidwa usiku, zonse zigwirizanidwe pamaso ndi pamaso. Pa magulu a WhatsApp lembani zokhazo zimene mungavomere kuti ziwerengedwe m'khoti, chifukwa pagulu la anthu 200 sipalephera kukhala wotumiza zithunzi kwina.

Zimene zimalakwika

Choyamba ndi mwala. Nthawi zambiri woponya mwala woyamba sadziwika kwa aliyense, ndipo mwina walipidwa kuti apolisi apeze chifukwa. Njira yake ndi yakuti oyang'anira akaimba likhweru, gulu lonse likhale pansi n'kuyamba nyimbo yodziwika, ya kutchalitchi kapena ya fuko. Woima yekha amaonekera, ndipo amajambulidwa. Musamumenye, kumumenya ndiko chiwawa chimene anabwerera. Makada a chipani akatchinga njira, imani patali, jambulani, ndipo wolankhula ndi apolisi apemphe chitetezo mokweza pamaso pa atolankhani.

Chachiwiri ndi kuthamanga. Anthu ambiri amavulala popondana kuposa pomenyedwa. Utsi wokhetsa misozi ukaponyedwa, yendani mofulumira koma osathamanga, molowera kumene mphepo ikuchokera kapena m'mbali mwake, ndipo ngati pali pokwera kwerani chifukwa utsiwo umatsikira pansi. Kwenikweni si utsi, ndi timchenga ta mankhwala tomamatira pa khungu ndi pa zovala. Musatikite maso. Tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 10 mpaka 15, mutapendeka mutu kuti madzi asalowe diso linalo. Vaseline ndi mafuta odzola amagwira timchengato pa khungu, choncho tsikulo musadzole. Mankhwala otsukira mano ndi viniga sizithandiza. Chitini chake chimatentha, musachitole. Kwa munthu wabwinobwino ululu umachepa pasanathe theka la ola ali pa mpweya wabwino, koma wa mphumu, woyembekezera kapena wokalamba amene akubanika apite ku chipatala msanga. Choopsa kwambiri ndi utsiwu m'nyumba yotseka. Mu Okutobala 2018 wophunzira wa pa UNZA, Vespers Shimuzhila, anafa atabanika m'chipinda chogona apolisi ataponya utsi m'nyumba za ophunzira. Choncho musathawire m'kasitolo kapena m'chipinda chopanda potulukira pena.

Mfuti zikalira, gonani pansi, kenako kwawani kukabisala kuseri kwa khoma la njerwa, osati la malata kapena chitseko cha galimoto. Zipolopolo sizisankha. Pa 23 Disembala 2020 mu Lusaka, pamene apolisi ankabalalitsa gulu, anaphedwa Joseph Kaunda ndi Nsama Nsama, loya wa boma amene sanali n'komwe m'gululo. Atsogoleri oona mtima amauza anthu zoopsazi poyera, ndipo amakonzeratu njira zina za amene sangathe kuguba: kuvala mtundu umodzi wa chovala, kutseka malonda theka la tsiku, kukhala pakhomo, kuliza mahutala pa ola limodzi. Mu Juni 2020 achinyamata ataopsezedwa, anakachitira zionetsero zawo kutchire n'kuziulutsa pa Facebook, apolisi atadzaza m'misewu yopanda anthu.

Mukagwidwa musalimbane, ngakhale kugwidwako kuli kolakwika. Tchulani dzina lanu mokweza kuti wolemba amve. Funsani modekha kuti, "Bwana, mlandu wanga ndi wotani?" Perekani dzina ndi kumene mukukhala, koma pa za mlanduwo dikirani loya, ndipo musasaine pepala limene simunawerenge kapena lolembedwa m'chinenero chimene simukuchimva. Lamulo limafuna kuti munthu afikitsidwe ku khoti msanga, ndipo ngati sizitheka pasanathe maola 24 pa mlandu wosakhala waukulu, apatsidwe bondi ya polisi, yomutulutsa podikira mlandu. Bondiyo ndi yaulere. Chofunika ndi anthu okuimirirani, kawirikawiri awiri, okhala ndi NRC ndi malo okhala odziwika, ndipo nthawi zambiri amafunsidwa kalata ya kuntchito. Anthu amenewa apezeke tsiku loguba lisanafike, apo ayi womangidwa Lachisanu amagona m'selo mpaka Lolemba. N'chifukwa chakenso okonza odziwa amakonda Lachiwiri kapena Lachitatu.

Ntchito yaikulu imayamba madzulo a tsikulo. Wolemba uja aonetsetse kuti aliyense wafika kwawo kapena akudziwika kumene ali. Wovulazidwa akatenge fomu ya chipatala ku polisi, dokotala ailembe, ndipo mabala ajambulidwe tsiku lomwelo asanaphwe. Dandaulo lipite ku Human Rights Commission ndi ku Police Public Complaints Commission, wosowa ndalama za loya apite ku Legal Aid Board. Milandu yotere imayenda miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, ikungosunthidwa. Pakhale thumba la ndalama zoyendera za oimbidwa mlandu ochokera ku Chadiza kapena ku Vubwi, chakudya cha mabanja awo, ndi anthu osinthana okakhala pa mabenchi a khoti tsiku lililonse la mlandu. Anthu a m'komboni amayang'ana mmene womangidwa woyamba wasamalidwira, ndipo pamenepo ndi pamene amasankha ngati adzatuluke ulendo wachiwiri.